Yankho kwa achimwene amene akufuna kakompyuta ka panjinga koonetsa kugunda kwa mtima

Achimwene, mwati muli ndi zaka 46, mumapalasa njinga Loweruka ndi Lamlungu kuzungulira Blantyre, adokotala akuti muchepetseko thupi, ndipo mwaima pakati pa Garmin Edge 530 yogwirapo kale ntchito imene alamu anu aipeza ku Joni ndi timakompyuta totchipa ta ku China timene mukutiona pa intaneti. Ena akuyankhani kale kuti "Garmin basi", koma musanatumize ndalama tamvani kaye izi.

Kakompyuta ka pahandulo sikayeza mtima. Kaya ndi Garmin, Wahoo, Bryton kapena iGPSPORT, ntchito yake ndi kulandira nambala n'kuionetsa. Woyeza mtima ndi lamba amene mumamanga pachifuwa, ndipo nthawi zambiri amagulitsidwa payekha. Ndiye funso loyamba kwa alamu anuwo likhale lakuti, lamba alipo? Anthu ambiri akamagulitsa kakompyuta kakale lamba amatsala naye, chifukwa amagwirabe ntchito ndi chatsopano chimene agula.

Lambayo ndi kakompyutako zimalumikizana popanda waya m'njira ziwiri, ANT+ ndi Bluetooth. Mawu awiriwa muwafufuze pabokosi kapena pamene alemba tsatanetsatane wa katunduyo. Apa m'pamene anthu amagwera m'mbuna ndi totchipa tija. Tina tili ndi GPS, timaonetsa liwiro, mtunda ndi nthawi, koma sitilandira lamba aliyense. Mwachitsanzo XOSS G ndi XOSS G+ maonekedwe ake ndi amodzi, koma yolandira lamba ndi ya chizindikiro cha + ija. Chimodzimodzi Cycplus: M1 imalandira, G1 ayi. Chithunzi cha wogulitsa chisakunamizeni, werengani. Palinso malamba akalekale amene sagwiritsa ntchito ANT+ kapena Bluetooth, aja ankabwera ndi mawotchi akale a masewera. Amenewo asiyeni ngakhale atatchipa bwanji, salumikizana ndi zipangizo za masiku ano.

Lamba wabwino ndi wokhala ndi njira zonse ziwiri. Polar H9 ndi H10, Garmin HRM-Dual, Wahoo TICKR, ngakhalenso otsikirako mtengo ngati Coospo H6 ndi Magene H64, onsewa ali nazo. Ubwino wake ndi wakuti simumangika ku kampani imodzi: lamba wa Polar amagwira bwinobwino ndi Garmin, wa Coospo amagwira ndi Wahoo. ANT+ imatha kutumiza nambala ku zipangizo zingapo nthawi imodzi, pamene Bluetooth pa malamba ena imagwira chipangizo chimodzi chokha. Choncho tsiku lina kakompyuta kakadzakana kuona lamba, yambani mwaona ngati foni ya m'thumba sinamugwire kale. Malambawa satchajidwa, amadya kabatire kozungulira ngati khobidi. Ambiri ndi CR2032, koma a Polar awiri aja ndi CR2025. Kamakhala miyezi yambiri, ndipo okonza mawotchi m'tauni amakhala nako.

Mwatchulanso kuti muli ndi wotchi yoonetsa mtima. Imeneyo imayeza ndi kuwala kobiriwira kumene kumaunika magazi pansi pa khungu, pamene lamba wa pachifuwa amamva mphamvu ya magetsi imene mtima umatulutsa ukamagunda. Mukakhala pampando kapena mukuyenda pansi, wotchi ili bwino. Koma panjinga dzanja lagwira handulo mwamphamvu, lapindika, ndipo msewu ukulinjenjemeretsa. Pamaenje ndi pamsewu wafumbi nambala imadumphadumpha, ndiponso mukayamba chitunda imachedwa kukwera. Ngati lamba wa pachifuwa amakusowetsani mtendere, alipo ovala pamkono pamwamba pa chigongono, monga Polar Verity Sense. Nawonso ndi a kuwala, koma amakhazikika kuposa wotchi chifukwa pamenepo pali mnofu.

Tsopano kakompyutako. Edge 530 inatuluka mu 2019, ndipo ndi chipangizo chabwino ndithu: ili ndi mapu, imayeza kukwera kwa mtunda potengera mphamvu ya mpweya, mvula siiopa, imayendetsedwa ndi mabatani, ndipo ikakhala yatsopano batire lake limafika maola pafupifupi 20. Mabatani ine ndimawakonda kuposa sikirini yogwira ndi chala, chifukwa chala chathukuta kapena chonyowa ndi mvula ya Januwale sichimveka bwino pagalasi. Vuto la yakale ndi batire. Lili m'kati, silichotsedwa wamba, ndipo limafooka ndi zaka. Auzeni alamu aitchaje idzaze, aiyatse GPS ikugwira, aione pakatha maola awiri kapena atatu kuti yatsika bwanji. Aonenso timakutu tiwiri ta kumbuyo timene timakola pa chogwirira cha pahandulo, chifukwa timathyoka, ndipo tikathyoka chipangizo chimagwa panjira. Afunsenso ngati chogwiriracho chilipo, komanso mapu amene alimo ndi a dera liti. Yogulidwa ku Ulaya imabwera ndi mapu a ku Ulaya.

Koma kunena zoona, pa zimene mwafotokozazi mapu simukuwafuna. Njira ya ku Chileka, ya ku Zomba kapena yotsikira ku Chikwawa mumaidziwa ndi maso. Chimene mukufuna ndi nambala zinayi zooneka bwino padzuwa: mtima, nthawi, liwiro ndi mtunda. Zimenezi Coospo BC107, Magene C406 kapena Bryton Rider 420 zimachita, pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi Garmin. Sikirini zake ndi zakuda ndi zoyera basi, ndiye batire limakhalitsa, zomwe si nkhani yaing'ono masiku amene magetsi azima usiku wonse inu mukunyamuka mbandakucha. Zonsezi zimatumiza ulendo wanu ku Strava, pulogalamu yosunga mbiri ya maulendo a njinga, kudzera pa foni. Poyenda GPS siidya bando, intaneti imafunika pokhapokha potumiza ulendowo mukafika kunyumba. Zofooka zake zilipo: mapulogalamu ake a pafoni ena ndi osokoneza, ndipo chikawonongeka palibe kodandaula. Komabe nambala ya mtima imene muone pa Coospo ndi yomweyo imene mukanaona pa Garmin, poti yachokera kwa lamba mmodzi.

Ndikanakhala inu ndikanagula lamba kaye, n'kumulumikiza ndi foni pa Strava, foni ili m'thumba la kumsana, n'kupalasa mwezi wathunthu. Mukatero mudziwa ngati nambalazi mukuzigwiritsadi ntchito kapena mwangotengeka. Foni kuimanga pahandulo sindikulimbikitsani, dzuwa la Okutobala limaitenthetsa mpaka sikirini kuzilala, ndipo mukagwa mwataya zambiri.

Mbali imene ndikufuna titayepo nthawi ndi yakuti nambalayo muzichita nayo chiyani. Chipangizo chikakufunsani zaka, chimangochotsa zakazo pa 220 n'kunena kuti pamenepo ndiye malire a kugunda kwa mtima wanu pa mphindi imodzi. Kwa inu ndi 174. Masamu amenewa ndi ongoyerekeza pa gulu la anthu ambiri. Munthu payekha akhoza kusiyana nawo ndi 10 kapena kuposa, kumwamba kapena kumunsi. Amuna awiri a zaka 46 akhoza kukwera limodzi chitunda cha Ku Chawe, wina ali pa 150 wina pa 170, onse atatopa mofanana. Ndiye musapikisane ndi nambala za anzanu a m'gulu muno, ndiponso nambala yokwera si umboni wa mphamvu.

Pa cholinga chanu chochepetsa thupi ndi kulimbitsa mtima, nthawi yambiri muzikhala pamene mungathe kucheza ndi mnzanu ziganizo zathunthu osadukiza ndi befu. Pa masamu aja ndi cha pakati pa 60 ndi 70 peresenti ya 174 ija, kutanthauza 104 mpaka 122, koma khulupirirani mpweya wanu kuposa masamu. Palasani maulendo angapo, onani nambala imene kucheza kumayamba kuvuta, ndipo muike belu lochenjeza la kakompyutako pang'ono pansi pake. Mudzadabwa kuti belulo lizilira pafupipafupi, makamaka mu Blantyre muno momwe malo athyathyathya ndi osowa. Ntchito yeniyeni ya kachipangizoka ndi kukubwezani, kukukumbutsani kuika giya yopepuka, chifukwa ambirife timatchova mwamphamvu kwambiri pa tsiku limene timafunika kufatsa, ndiye ulendo umafupika ndipo Lolemba miyendo ili gwa.

Dziwaninso kuti mtima umachedwa kuyankha. Mukaimirira pa mapedulo kwa masekondi 20, nambala imakwera inu mutakhala kale pansi. Kutentha ndi ludzu nazo zimaikweza: mukatsika Thabwa n'kufika kuchigwa masana, muona mtima uli pamwamba kuposa wa ku Blantyre pa liwiro lomwelo, ndipo uzikwerabe pang'onopang'ono ngati simukumwa madzi. Khofi, kusagona ndi nkhawa zimachitanso chimodzimodzi. M'mawa wina mukadzaona kuti mtima uli pamwamba kuposa masiku onse musanayambe n'komwe, thupi likuphwanya, njinga isiyeni mukayezetse malungo. Kupalasa thupi litatentha n'koopsa kwa mtima.

Popeza mwatchula adokotala, ngati mumamwa mankhwala a BP afunseni dzina lake. Atenolol ndi propranolol amatsitsa kugunda kwa mtima, moti ngakhale mutatchova bwanji nambala siifika pamene chipangizo chikuyembekeza. Munthu wosadziwa amalimbikira kuithamangitsa n'kudzipweteka. Kwa womwa mankhwala amenewa malire anene ndi adokotala, osati Garmin. Ndipo kupweteka pachifuwa, chizungulire kapena mtima kugunda mosalongosoka ndi chifukwa choimira pomwepo, kaya sikirini ikuonetsa chiyani. Lambayu si chida cha kuchipatala.

Za kasamalidwe n'zochepa. Musanamange lamba, nyowetsani ndi madzi timalo tosalala timene timakhudza khungu, makamaka mu Juni ndi Julayi pamene kumazizira thukuta n'kuchedwa kubwera. Mukapanda kutero, poyamba muona nambala zamisala ngati 220 kapena palibiretu. Mukafika kunyumba chotsani kabokosi ka batire kamene kali pakati pa lamba kuti batire lisamadyeke, tsukuluzani lambayo ndi madzi kuchotsa mchere wa thukuta, muyanike pamthunzi. Nsaluyo ndi imene imayamba kutha, kabokosiko kamakhalitsa, ndipo nsalu yokha imagulitsidwa padera.

Edge 530 ija ikapambana mayeso a batire, timakutu tili bwino, mtengo wake n'kukhala wosapweteka, itengeni, simudandaula. Ikalephera chimodzi mwa zimenezi, alamu akugulireni lamba wa njira ziwiri ndi kakompyuta kotchipa kolembedwa ANT+, ndalama yotsalayo ipite ku matayala abwino ndi botolo lachiwiri la madzi. Mutiuze mankhwala amene mumamwa ngati alipo, komanso mtundu wa wotchi yanuyo, chifukwa mawotchi ena a Garmin amatha kutumiza mtima ku kakompyuta mwachindunji ndipo mwina mungayambire pamenepo.