Mwana ali ku Oklahoma, muope chiyani kwenikweni?

Mayi, mwati mtsikana wanu wapita kukaphunzira ku Norman, ku Oklahoma m'dziko la America, ndipo mavidiyo a nyumba zosasuka akukusowetsani tulo. Mukufunsa ngati tornado ndi chimodzimodzi ndi Freddy. Ayi, n'zosiyana. Freddy uja, asanafike ku Chilobwe ndi Soche mu March 2023, a zanyengo anali atamutsatira masiku ambiri ali pa nyanja. Tornado ndi kamvuluvulu wamkulu wotsika kuchokera m'mtambo wa mabingu. Amadutsa kanjira kopapatiza, nthawi zambiri kwa mphindi zochepa, ndipo chenjezo lake limabwera kwatsala mwina mphindi 10 kapena 15 basi.

Nyengo yake ndi May mpaka kuchiyambi kwa June, kuno tikuyamba kufunda mabulangete awiri. Mpweya wotentha ndi wachinyezi wochokera ku Gulf of Mexico umakumana ndi wouma wochokera kumadzulo, pamwamba pali wozizira, mphepo ya m'mwamba n'kuyamba kuzunguza mtambo wonse. Mtambo womwewo umagwetsanso matalala ndi chimvula choopsa. America imaona ma tornado oposa 1,000 pachaka, koma ambiri ndi ofooka, amangothyola mitengo ndi kusasula madenga. Amene mukuwaona pa Facebook ndi aja a mphamvu zedi, a EF4 ndi EF5, magulu apamwamba pa sikelo yoyezera mphamvu ya ma tornado. Wa ku Joplin, ku Missouri, pa 22 May 2011 anapha anthu oposa 150. Wa ku Moore, tauni yoyandikana ndi Norman, pa 20 May 2013 anapha 24, mwa iwo ana 7 a pasukulu ya Plaza Towers.

Koma tsiku limene ndikufuna mumuuze mwanayo ndi 31 May 2013, patangotha masiku 11 chichitikireni za ku Moore. Anthu anali akadali ndi mantha. Madzulo ake, kufupi ndi tauni ya El Reno, kumadzulo kwa Oklahoma City, kunabuka tornado wotambalala makilomita 4.2, wotambalala kuposa onse amene anayezedwapo. Anthu ambiri a mu Oklahoma City anathamangira m'magalimoto kuti athawe, misewu ikuluikulu n'kudzaza mpaka magalimoto kungoima. Anthu 8 amene kamvuluvuluyo anapha onse anali m'magalimoto, kuphatikizapo Tim Samaras, katswiri amene anatha zaka zambiri akufufuza ma tornado, pamodzi ndi mwana wake Paul ndi mnzawo Carl Young. Ngati zinamupeza munthu wodziwa chotero, nanga mlendo wosadziwa n'komwe misewu?

Kenako usiku kunagwa chimvula. Mabanja ena, poopa mphepo, anakabisala m'ngalande ndi m'makalavati. Madzi anabwera mwadzidzidzi n'kuwakokolola, ana omwe. Usiku umenewo madzi anapha anthu ambiri kuposa amene tornado anapha, ndipo ena mwa iwo anali obwera kuchokera ku Guatemala. Zimenezi sizituluka m'mavidiyo chifukwa ngalande yodzaza siikopa maso ngati chimtambo chakuda chija, koma kwa ine ndiye phunziro lalikulu kwa aliyense wachilendo kumeneko.

Tsono mufunseni funso limodzi lero lomwe: siren yochenjeza za tornado ikalira, upita kuti? Akazengereza kuyankha, akafunse oyang'anira hositelo kapena mwini nyumba. Nyumba zambiri ku Oklahoma zilibe chipinda chapansi pa nthaka, ena amakumba kobisalamo m'galaja. Popanda zimenezo, atsike pansi penipeni pa nyumba, alowe m'kachipinda kapakati kopanda mawindo, kaya bafa kaya kosungira zovala, adziphimbe ndi matiresi. Mutu ndiwo woteteza, ngakhale ndi chipewa cha njinga. Avale nsapato zolimba, osati masilipasi, poti akatuluka pansi pamakhala misomali ndi magalasi okhaokha. Pansi pa mlatho wa msewu asayerekeze. Pa 3 May 1999 anthu anafera malo oterowo. Akapeza madzi akudutsa pamsewu, abwerere, chifukwa ofika masentimita 30 okha amatha kunyamula galimoto yaing'ono.

Adziwenso mawu awiri amene azidzabwera pa foni. Akaona "watch", nyengo yaipa, akhale tcheru, foni ikhale yotchaja. Akaona "warning", ndiye kuti chinthucho chaoneka kapena radar yachigwira, asiye chilichonse, ngakhale poto ali pamoto. Siren ikalira Loweruka masana dzuwa likuswa mtengo asadzidzimuke, amakhala akungoiyesa.

Chokulimbitsani mtima n'chakuti Storm Prediction Center, imene imalosera mikuntho yotere m'dziko lonse la America, ili mu Norman momwemo, ndipo mawayilesi akanema a kumeneko amatchula msewu ndi msewu kumene kamvuluvulu akulowera. Inuyo mukamva kuti kwavuta, musamuimbire kambirimbiri. Mutumizireni uthenga pa WhatsApp, batire aisungire machenjezo.