Kodi maphunziro a HIV kusukulu amamutetezadi mwana?

Mayi ena andilembera imelo sabata yatha. Mwana wawo wamkazi wa zaka 14 anabwera kuchokera kusukulu ndi kope lomwe munali chithunzi cha kondomu, m'munsi mwake muli zimene aphunzitsi anawalembetsa. Funso lawo linali lakuti: "Zimenezi zimathandizadi, kapena akungomutsegula m'maso mwana yemwe sankaziganizira n'komwe?"

Mayi, ndiyambe ndi nkhawa yanu yachiwiriyo chifukwa yankho lake ndi losavuta. Bungwe la UNESCO linasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'mayiko ambiri m'malangizo ake a 2009, omwe linawakonzanso mu 2018. Zinaonetsa kuti kuphunzitsa ana za kugonana ndi makondomu sikuwachititsa kuyamba msanga. M'malo ena ana anachedwerako kuyamba. Chimene sichinaphule kanthu ndi kungowauza kuti "dziletseni" basi n'kuthera pomwepo. Choncho kopelo musaling'ambe.

Koma zoti phunzirolo palokha limuteteza ku kachilombo, pamenepo sindingakunamizeni.

Ku Mwanza m'dziko la Tanzania kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa MEMA kwa Vijana, m'madera 20. Aphunzitsi anasulidwa bwino, ana ankachita masewero, ngakhale azachipatala anaphunzitsidwa kulandira achinyamata mwaulemu. Anawo anadziwa zambiri, ndipo patapita zaka anali akuzikumbukirabe. Komatu atawayeza magazi, omwe anaphunzira ndi omwe sanaphunzire sanasiyane kwenikweni pa HIV, ndipo mimba nazonso sizinachepe. Mu 2016 akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, ataunika kafukufuku wosiyanasiyana wa mtundu umenewu anapeza zofananazo.

Zimenezi zimandipweteka mtima, koma sizindidabwitsa. Taganizirani mtsikana yemwe wakhoza mafunso onse a mayeso: njira zotengera kachilombo wazitchula, njira zopewera wazitchula. Poweruka akupeza galimoto yaima pafupi ndi geti, bambo wa zaka 35 watsitsa galasi, akumutchula dzina, foni yatsopano ili pampando. Bamboyo akadzati kondomu ayi, mwanayo ayankha chiyani? Mayankho a pamayeso aja samupatsa pakamwa poyankhulira.

N'chifukwa chake kafukufuku wina wa kumadzulo kwa Kenya ndimamukonda kwambiri. Wofufuza wake, Pascaline Dupas, anaona zimene zinachitika ana a kalasi 8 atauzidwa chinthu chimodzi chomwe buku la boma silinkanena: kuti kachilombo kamapezeka kwambiri mwa abambo akuluakulu kusiyana ndi anyamata a msinkhu wawo. Linali phunziro la mphindi pafupifupi 40, la kanema waufupi ndi kukambirana. Mimba za atsikana zinatsika ndi 28 pa 100 alionse, makamaka zopatsidwa ndi zidyamakanda. Pomwe m'sukulu zomwe aphunzitsi anangosulidwa pa silabasi yanthawi zonse, mimba sizinatsike. Anawo ankadziwa kale kuti Edzi imapha. Chomwe ankasowa n'kuuzidwa mosapsatira kuti ngozi ikubwera ndi ndani.

Wofufuza wina, Nicole Haberland, nayenso mu 2015 anapeza kuti maphunziro omwe amakamba za mphamvu pakati pa mwamuna ndi mkazi, za yemwe amalamula m'chibwenzi, anali ndi mwayi wochuluka kasanu wochepetsa mimba ndi matenda opatsirana pogonana poyerekeza ndi omwe amazilambalala.

Palinso china chomwe anthu sachitchula kawirikawiri: sukuluyo payokha ndi chitetezo. Dziko la Botswana litasintha dongosolo la sekondale mu 1996, ana ambiri anawonjezera chaka chimodzi m'kalasi. Ofufuza atawalondola ali akuluakulu anapeza kuti chaka chowonjezeracho chinachepetsa ndithu mwayi wotenga HIV. Mwana akasiyira panjira, ngakhale atakhala kuti phunziro la Edzi analimva bwino, ali pangozi yaikulu kuposa mnzake yemwe akadali pa desiki.

Ndiye Mayi, m'malo mokadandaula za chithunzi chija, mufunseni mwanayo mmene phunzirolo linayendera. Kodi aphunzitsi anangowerenga mothamanga, maso ali pabuku, n'kutsegula tsamba lina? Ambiri amatero chifukwa cha manyazi, ndipo sindiwaweruza, poti nawonso palibe anawakhazikapo pansi. Kodi ana analoledwa kufunsa? Anayeserera kukana, wina kukhala wonyengerera wina woyankha, mpaka mawu okanira atazolowereka pakamwa? Anauzidwa komwe angakayezetse magazi popanda kukalipiridwa?

Pomwe phunzirolo laperewera, mpatawo ndi wanu. Mwanayo sanabise kope lija, anabwera nalo n'kukuonetsani. Khalani naye pansi madzulo ano, mulitsegule limodzi, mumufunse ngati alipo wamkulu wina yemwe wayamba kumupatsa timphatso.