Pampu ikamanyerenyetsa dzanja, zulani pulagi

Achimwene, mwati pampu ya m'thanki yanu yowetera nsomba za mbuna ikuchita phokoso, komanso mukapisa dzanja m'madzi mumamva kunyerenyetsa. Chachiwirichi ndiye chandidetsa nkhawa kwambiri. Zulani pulagi lero lomwe. Magetsi athu ndi a 230V, ndipo munthu ataima pasimenti yonyowa wopanda nsapato akhoza kufa nawo. Kawirikawiri waya amakhala atang'ambika pomwe walowera m'pampu. Pamenepo tepi sithandiza, ingogulani pampu ina. Muitanenso wamagetsi akuikireni earth leakage breaker ya 30 mA, kachipangizo kozimitsa magetsi pakokha akayamba kudutsa njira yolakwika.

Phokosolo ndiye n'losavuta. Tsegulani chivundikiro, mutulutse impeller, kaja kozungulira kokhala ndi maginito. Mchenga wakunyanja umalowa mmenemo, nayenso laimu wa m'madzi a pamjigo amakakamira. Kavikeni mu viniga kwa ola limodzi, kenako mukatsuke ndi mswachi wakale. Ine ndimatero mwezi ndi mwezi.

Waya azilendewera kaye munsi mwa soketi asanakwere, kuti madontho a madzi otsata wayayo azigwera pansi osalowa m'soketi. Ndiye kutentha kwathu kuno ku Mangochi mu Okutobala kumaphwetsa madzi msanga, ndipo pampu ikayamba kukoka mpweya imapsa. Muziwonjezera madzi asanatsike.