Kwa achimwene ofuna njinga ya matayala anayi

Achimwene, mwafunsa ngati mungalumikize njinga ziwiri zakale n'kupanga ya matayala anayi yoti muzinyamulira ndiwo zamasamba popita ku msika wa Soweto mu Lusaka. Zimatheka, inenso ndinapangapo yanga. Koma musanathamangire kwa owotcherera a ku Kalingalinga kapena ku Garden, yambani mwaganizira matayala akumbuyo, chifukwa mpamene pagona nkhani.

Pokhota, tayala lakunja limayenda mtunda wautali kuposa lamkati. Galimoto ili ndi difu, magiya olola matayala awiriwo kuzungulira pa liwiro losiyana, inu mulibe. Mukawotcherera matayala onse awiri pa ekiselo imodzi, njinga imakana kukhota, tayala lina n'kumangokhulika pansi. Ulendo woyamba ndinachita zomwezi, wowotcherera wina atanditsimikizira kuti zili che, ndipo ndalama zinalowa m'madzi. Kenako ndinati tcheni chizikoka tayala limodzi, linalo lizizungulira palokha. Pamsewu wa tala zinayenda bwino. Nditalowa m'komboni ndinakumbukira chifukwa chake mphika timautereka pa mafuwa atatu: miyendo inayi pamalo okumbika, umodzi umakhala m'mwamba. Tayala lokokalo likatukuka mumangopalasa mphepo, ana akukusekani. Ikani freewheel, kagiya kaja kolola tayala kuzungulirabe mukasiya kupalasa, ku tayala lililonse lakumbuyo kuti onse azikoka, ndipo ekiselo yakutsogolo muimange ndi bawuti imodzi yaikulu pakati kuti izipendekeka potsata nthaka.

Matayala tengani a mainchesi 20, a njinga za ana aja. Ndikudziwa, amaoneka onyozeka. Koma njinga wamba imapendekeka pokhota, pomwe yanuyi idzakhala chilili, mphamvu yonse n'kumakankha tayala cham'mbali. Limu la 26 kapena 28 limapindika ngati lichero lakale. Kaekiselo ka tayala la njinga n'ka mamilimita 10 okha kapena kuchepera, choncho kagwireni mbali zonse ziwiri monga foloko imachitira; mbali imodzi yokha kadzakhota.

Pachiwongolero tengani chingwe choyezera, muchikoke kuchokera pamene tayala lakutsogolo limakhotera kufika pakati pa ekiselo yakumbuyo. Timikono tokhotetsa matayala akutsogolo tisalunjike kumbuyo, tiloze pakati pa ekiselo yakumbuyo. Mukatero tayala lamkati limakhota kwambiri kuposa lakunja, monga ziyenera kukhalira.

Fulemu musakokomeze. Paipi ya makona anayi ya mamilimita 25 ikwanira, owotcherera athu amakonda zitsulo zolemera ngati akupanga geti, koma injini pano ndi miyendo yanu. Giya yakutsogolo ikhale yaing'ono, yakumbuyo yaikulu, ndipo mabuleki agwire matayala onse awiri akumbuyo nthawi imodzi.

Chimodzi chokha ndikufunseni: katundu wanu amalemera bwanji? Kaliyala ya njinga ya Buffalo imanyamula makilogalamu 100, ndipo njingayo imadutsa pakati pa maminibasi a mumsewu wa Lumumba pomwe yanu yotakatayo idzaima pamzere. Ngati mabokosi a tomato akuposa pamenepo, jambulani njinga ziwirizo munditumizire tione ngati mafulemu ake sanadyeke ndi dzimbiri.