Madzi a pachitsime chanu akhoza kuyezedwa, koma musadikire zotsatira

Mayi a ku Ching'ambo, ndawerenga uthenga wanu wonena kuti chiyambireni mvula ana a m'makomo atatu amene mumatunga nawo pachitsime chimodzi akutsegula m'mimba mosinthanasinthana, chonsecho madziwo ndi oyera mbee ndipo alibe fungo. Mwafunsa ngati munthu wamba angatunge madzi m'botolo n'kupita nawo kokayezetsa, komanso ngati alipo amene amayang'anira zimenezi mu Mzuzu muno. Ndinagwirapo ntchito yotenga madzi okayeza, choncho ndikuyankhani monga mmene ndikudziwira.

Kuyera kwa madzi sikutsimikizira kalikonse, chifukwa dothi limasefa matope koma tizilombo tochokera m'chimbudzi timadutsa ndithu. Madera athu ambiri, monga Ching'ambo, Chibavi ndi Chiputula, ali m'mbali mwa madambo momwe madzi ali pafupi kwambiri ndi pamwamba, ndipo mvula ikalimbikira, madzi a m'dzenje la chimbudzi ndi a m'chitsime amakumana pansi pa nthaka. Malangizo a zaumoyo amati chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita 30 komanso chikhale kumunsi kwake, koma inu nomwe mukudziwa kuchepa kwa mapoloti athu.

Ku labotale amatenga mamililita 100 a madziwo n'kuwadutsitsa pa kapepala kosefera kooneka ngati kandalama kakakulu, kenaka kapepalako amakaika m'kambale kokhala ndi chakudya cha tizilombo n'kukasunga pa kutentha kwa madigiri 44 kwa maola 18 mpaka 24. M'mawa mwake mumapeza timadontho tamera pa kapepalako, ndipo kadontho kalikonse kamaimira kachilombo kamene kanali m'madzimo. Muyezo wa bungwe la World Health Organization ndi wakuti m'mamililita 100 a madzi akumwa musapezeke kachilombo ka E. coli ngakhale kamodzi, chifukwa kupezeka kwake kumatanthauza kuti chimbudzi cha munthu kapena cha nyama chalowamo. Ine ndinaonapo madzi owala ngati a mumpopi akudzaza kapepalako mpaka timadontho tosawerengeka, ndipo mwini chitsimecho anakana kukhulupirira kufikira ataona ndi maso ake.

Pa nkhani yonyamula nokha m'botolo, ndikupemphani kuti musatero. Madzi okayeza amafuna botolo lophedwa tizilombo, lotsegulidwa pamalo pomwepo osakhudza kukamwa kwake, ndipo amayenera kuyenda ali ozizira n'kufika ku labotale m'maola ochepa, osapitirira tsiku limodzi. Bambo wina anandibweretsera madzi m'botolo la chakumwa chotsekemera atagona nawo masiku awiri m'chikwama, ndipo zinandipweteka mtima kumubweza, popeza anali atayenda mtunda wautali, koma chilichonse chimene tikanapeza mmenemo sichikanatiuza zoona za chitsime chake. Njira yabwino ndi kukaonana ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu, kapena ofesi ya zaumoyo ku khonsolo ya mzinda, kuti iwo adzaone chitsimecho, athiremo mankhwala ngati kuli kofunika, ndi kukonza zotenga madziwo m'njira yake.

Muyenera kudziwanso kuti madzi a m'mipopi ali ndi mwini wake, amene ndi Northern Region Water Board. Iwo amatenga madzi ku damu la Lunyangwa, kuwasefa, kuthiramo klorini ndi kuwayeza, ndipo kafungo kamene ena amadandaula nako ndi chizindikiro chakuti mankhwalawo afika mpaka pampopi panu. Koma chitsime chokumba pakhomo palibe amene amachiyendera pokhapokha anthu atakanena, ndipo apa ndi pamene ine ndimaona kuti mzinda wathu uli pa ngozi, chifukwa mipopi ikauma anthu onse amathamangira ku zitsime zomwezo.

Ana odwalawo apite kuchipatala lero lomwe, makamaka ngati akutsegula zamadzimadzi zooneka ngati madzi otsukira mpunga, chimene ndi chizindikiro cha kolera, ndipo m'njira muziwamwetsa Thanzi ORS. Chimbudzi cha wodwala nachonso chimayezedwa, ndipo zotsatira zake zimathandiza bungwe la Public Health Institute of Malawi ku Lilongwe kudziwa msanga ngati mliri wayamba. Sitinaiwale kolera imene inayamba mu March 2022, inavuta kwambiri ku Nkhata Bay pafupi nafe pompa, ndipo inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno.

Chonde musawagulire makapisozi a pamsika kapena a m'maokala. Mankhwala amayang'aniridwa ndi bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la mu 2019, ndipo ntchito yake ndi kulembetsa mankhwala, kuwayeza ndi kupereka zilolezo kwa ogulitsa. Mankhwala amene akhala padzuwa pa benchi palibe chotsimikizira kuti anadutsa m'manja mwa bungweli. Mu 2022 ku Gambia kunamwalira ana pafupifupi 70 atamwa mankhwala a chifuwa, ndipo anali a labotale amene anapezamo poizoni wotchedwa diethylene glycol, yemwe amawononga impso, pamene mabotolo ake ankaoneka abwinobwino. Ngati mungaganize zogula madzi a m'mabotolo, yang'anani chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo limayezanso zakudya, kuphatikizapo poizoni wa chuku mu mtedza ndi chimanga.

Pamene mukudikira alangiziwo, madzi onse akumwa, otsukira mbale ndi otsukira zipatso muziwawiritsa mpaka abwate, kapena muzithira WaterGuard motsatira muyezo wolembedwa pa botolo n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Musungire m'chigubu chokhala ndi chivundikiro, osati mu ndowa imene aliyense amamizamo kapu, popeza nthawi zambiri madzi abwino amaipira m'nyumba momwemo. Chigubucho chisakhale chimene munasungiramo mankhwala a mbewu kapena a tizilombo ta m'munda, chifukwa poizoni wotere satha ndi kutsuka ndiponso klorini samuchotsa.

Popita kwa alangizi a zaumoyo mutenge kapepala kolembapo chiwerengero cha ana amene adwala, zaka zawo, tsiku limene aliyense anayamba kutsegula, kumene banja lililonse limatunga madzi, ndi mtunda wa pakati pa chitsimecho ndi chimbudzi chapafupi, ngakhale mutangoyeza ndi mapazi. Mupite awiri kapena atatu pamodzi ndi amfumu a m'dera lanu ngati angapezeke, ndipo musachokeko asanakuuzeni tsiku limene abwere.