Mwana wofuna usilikali wa pa kompyuta: yankho kwa mayi a ku Luchenza

Mayi ena a ku Luchenza andilembera za mwana wawo wamkazi wa Fomu 4 amene akufuna kulowa usilikali. Mwanayo akuti sadzavutika ndi zothamanga kapena kugona kutchire, chifukwa nkhondo zam'tsogolo adzazipambana ndi amene akudziwa zambiri za mdani kudzera m'makompyuta ndi madroni (tindege touluka popanda munthu m'kati). Mayiwa akufunsa ngati zimenezi n'zoona, ndiponso maphunziro amene mwanayo angatsate.

Mayi, mwana wanu wanena zoona mbali imodzi yokha. Kudziwa kumene mdani ali kumathandizadi, koma mwayi umenewu suchedwa kutha, pakuti mdaniyo naye sagona tulo. Pa 24 Febuluwale 2022, tsiku limene Russia idalowa m'dziko la Ukraine, akatswiri owononga makompyuta adasokoneza intaneti ya setilaiti ya kampani ya Viasat imene asilikali a Ukraine ankagwiritsa ntchito. Chiyambire pamenepo, mbali zonse ziwiri zakhala zikutsekerezana mawailesi ndi GPS (njira yodziwira malo kudzera pa setilaiti), moti madroni ena masiku ano amauluka akukoka kachingwe kopyapyala ngati ulusi kuti asasokonezedwe m'mlengalenga. America nayonso idayang'anira Afghanistan ndi masetilaiti ndi madroni zaka 20, komabe adani ake a Taliban adalanda Kabul, likulu la dzikolo, mu Ogasiti 2021.

Inu nomwe mukukumbukira namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, pamene matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Mulanje, milatho n'kukokoloka, magetsi n'kuzima, mafoni n'kukhala ngati zidutswa za sopo m'thumba. Amene adafikira anthu m'midzi yambiri anali asilikali a dziko lathu a MDF oponda matope ndi mapazi awo.

Choncho msamuletse, koma alimbikire masamu ndi fizikisi pa mayeso a MSCE. Pafupi nanu pomwepo, ku Ndata, sukulu ya ukachenjede ya MUST imaphunzitsa digiri ya Computer Systems and Security, ndipo luso loteteza makompyuta limafunikanso ku mabanki ndi ku makampani a mafoni ngati usilikali utamukanika. Akadzasankhidwa, adziwiretu kuti ku sukulu ya asilikali ya MAFCO ku Salima digiri siimupulumutsa kuthamanga m'bandakucha, kunyamula katundu kumsana ndi kuphunzira kupeza njira ndi mapu ndi kampasi popanda foni. Ayambiretu kuthamanga m'misewu ya m'minda ya tiyi, ndipo wina aliyense wopempha ndalama kuti amulowetse usilikali musamupatse ngakhale tambala.