Batire la sola likutha msanga: vuto ndi panelo kapena ndi batire?

Bambo wina wa ku Benga, m'boma la Nkhotakota, walemba kalata iyi: “Ndili ndi panelo ya mawati 100, batire la galimoto la N70 ndi inveta. Timayatsa mababu anayi, TV, dikoda, fani, ndi kutchaja mafoni atatu. Ikamakwana 9 koloko usiku zonse zazima, ndipo batire ili ndi lachiwiri m'chaka chimodzi. Ndigule batire lina lalikulu? Ndikufunanso filiji yoti mayi a kunyumba azigulitsa zoziziritsa kukhosi.”

Bambo, musathamangire kusitolo. Mukagula batire lalikulu osasintha china chilichonse, nalonso lifa, chifukwa magetsi amene mukutapa usiku ndi ochuluka kuposa amene panelo ikuthira masana.

Tiyeni tiwerengere. Tengani mawati olembedwa pa chipangizo chilichonse, muchulukitse ndi maola amene chimayaka. Yankho lake ndi magetsi amene chimadya pa tsiku, mu muyeso wa Wh (mawati kuchulukitsa ndi maola), ndipo tiwerengera zonse mu muyeso umenewu. Mababu anayi a LED a mawati 5 kwa maola 5 ndi 100. TV ya mawati 40 kwa maola 4 ndi 160, dikoda ya mawati 10 ndi 40. Fani ya mawati 15 kwa maola 8, poti kunyanja kuno Okutobala sagoneka popanda fani, ndi 120. Mafoni atatu tiike 30. Zonse pamodzi ndi 450 pa tsiku. Inveta nayo imadya gawo lake posandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM, ndipo ikangoyaka, ngakhale osalumikizako kanthu, imamwa mawati pafupifupi 10 ola lililonse. Ndiye mwapitirira kale 550.

Nanga panelo? Dzuwa lamphamvu kuno timaliwerengera maola 5 pa tsiku, koma panelo ya 100 sipereka 500. Nambala yolembedwayo anaiyesa panelo ili pa madigiri 25, pomwe pa malata a ku Nkhotakota masana imafika 60 kapena kuposa, ndipo digiri iliyonse yowonjezera imachotsa pafupifupi 0.4 peresenti. Muwonjezerepo fumbi ndi zotayika m'mawaya, mutsala ndi 350 basi. Tsiku lililonse batire likulowa ngongole ya 200. Batire la asidi likamakhala losadzadza masiku ambiri, mapuleti ake amachita chikungu cholimba chimene sichichokanso, ndipo limayamba “kudzadza” msanga n'kuthanso msanga.

Batire la galimotolo ndi vuto lachiwiri. Analipanga kuti lipereke mphamvu yambiri kwa kanthawi polizitsa injini, kenako alitaneta n'kulidzadza pompopompo. Kulikhetsa mpaka pansi usiku ndi usiku ndiko kulipha. Gulani lolembedwa kuti deep cycle, lopangidwira kutapidwa ndi kudzazidwa tsiku ndi tsiku, ndipo nalonso musamalitape kupitirira theka. La 12V 100Ah limasunga 1,200 (12 kuchulukitsa ndi 100), koma zanu ndi 600 zokha. La lithiyamu mutha kutapa 80 peresenti ndipo limakhalitsa, kungoti mtengo wake ndi wowawa.

Musanawonjezere kanthu, chepetsani zotayika. Mababu, fani ndi chaja ya mafoni zipezeni za 12V kuti zisadutse pa inveta, iyo iziyaka nthawi ya TV yokha. Kenako onjezerani panelo ina ya mawati 100 yofanana ndi yoyambayo, mulumikize pulasi ku pulasi, mainasi ku mainasi. Mawati 200 akupatsani pafupifupi 700 pa tsiku, zokwanira nyumba yanu ndi kubweza ngongole ya masiku a mitambo a Januwale ndi Febuluwale. Batire la 100Ah likwana, koma la 150Ah ndilo lingakupirireni dzuwa likabisala tsiku lonse.

M'kalatamo simunatchule leguleta, kachipangizo kokhala pakati pa panelo ndi batire koletsa batire kudzadza mopitirira, ndiye ndikukayika kuti waya wa panelo ukulowa mwachindunji ku batire. Ngati ndi choncho, masiku amene batire ladzadza limawira, madzi n'kumauma. Pa mawati 200 gulani leguleta ya 20A. Polumikiza yambani ndi batire, kenako panelo, pomaliza mababu. Pochotsa yambani ndi panelo. Mababu alowe pa malo olembedwa kuti load pa leguleta kuti izidula yokha batire likatsika. Inveta yokha ipite ku batire, ndi fyuzi pa waya wa pulasi pafupi ndi mutu wa batire. Kawaya kowonda ka wailesi kaja kamatentha n'kumataya magetsi. Kuchoka ku panelo ikani waya wa 4mm², mtunda ukapitirira mamita 5 ikani wa 6mm².

Panelo iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri pafupifupi 15, ndipo musaigoneke pa malata. Siyani mpata wa chikhato kuti mphepo izidutsa pansi, koma mumange zolimba poti mwera suchita nthabwala. Mthunzi wa nthambi imodzi ya mango ukagwera pakona, mphamvu ya panelo yonse imagwa. Pukutani ndi nsalu yonyowa m'mamawa kamodzi pa sabata m'chilimwe. Batire likhale pozizira, podutsa mphepo, chifukwa kutentha kumalifupikitsa moyo. Ngati ndi lotsegula, thirani madzi a batire okha, osati a pa mjigo kapena asidi wina.

Kamita koyezera magetsi kamathandiza kwambiri. Batire litapuma ola limodzi, 12.7V ndiye lodzadza, 12.2V ndi theka, likatsika pansi pa 12V zimitsani zonse. Mita yomweyo mupite nayo pogula panelo, poti pamsika pali zambiri zomatidwa nambala zabodza: ya mawati 100 yeniyeni padzuwa la masana imawonetsa 21V kapena 22V ndi maampu 5 mpaka 6.

Za filiji, iwerengereni padera. Ya bizinesi, yotsegulidwa pafupipafupi pa kutentha kwa kunyanja, imadya 1,000 mpaka 1,500 pa tsiku, kuposa nyumba yonse kawiri. Ifuna mapanelo ena a mawati 400 kapena kuposa, mabatire awiri a 150Ah olumikizidwa kukhala 24V, leguleta ya mtundu wa MPPT, yokolola magetsi ambiri ku panelo, ndi inveta ya pure sine wave (yotulutsa magetsi osalala ngati a ESCOM) ya mawati osachepera 1,000, chifukwa kompuresa, injini ya filiji, ikamayamba imakoka katatu kapena kasanu kuposa zolembedwa. Inveta zotchipa zija zimaotcha kompuresa. Sankhani filiji yotsegulira pamwamba, kapena ya sola yosafuna inveta, muziiumitsa masana dzuwa likuswa mtengo, usiku ikhale yotseka.